Kodi boma liziphikira okalamba, kapena lingowapatsa ndalama?

Funso: "Bambo anga ali ndi zaka 78, ndipo chimwalirireni mayi amakhala okha. Anafe timawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, koma ndikapita kukawaona ndimapeza awonda kuposa ulendo watha. Ndinamva kuti m'mayiko ena boma limalipira chakudya cha okalamba, mpaka kukawapatsira pakhomo. Zimenezi zimayenda bwanji, ndipo ndalama zake zimachokera kuti? Komanso si kuseweretsa msonkho kodi, pamene kuli ana aang'ono osowa chakudya? Si bwino kungowapatsa ndalama azigula okha?"

Mayi, ndiyambira pa funso lanu lomalizali chifukwa theka la yankho mwalemba kale nokha. Bambo ndalama akulandira, koma thupi likunka likutha. Ndalama zimathetsa njala ya munthu amene vuto lake ndi kusowa chogulira. Koma wokalamba amatha kugona ndi njala zophika zili m'nyumba: miyendo siikumulola kukagula, manja sakugwiranso bwino mpeni ndi poto, mano anatha, kapena mtima sukumupatsa kuyatsa moto kuti aphikire pakamwa pamodzi. Abambo ambiri amene aferedwa akazi awo ali m'gulu limeneli, makamaka ngati pa zaka zonse za banja lawo kukhitchini sankapondako.

Thupi nalo limawapusitsa. Munthu akamakula chilakolako cha chakudya chimachepa, kununkhiza ndi kulawa kumazilala, amakhuta msanga, ndipo ludzu salimva bwino ngakhale madzi atachepa m'thupi. Mankhwala ena amaumitsa m'kamwa kapena kuchititsa nseru. Chovuta n'chakuti ngakhale wokalamba amafuna chakudya chopatsa mphamvu chocheperako, zomanga thupi amazifuna zochuluka kuposa munthu wa zaka 30. Bungwe la akatswiri a kadyedwe ka odwala ku Ulaya, la ESPEN, limalangiza kuti wokalamba azidya mapuloteni osachepera galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse, pamene mlingo wa munthu wamkulu wamba ndi magalamu 0.8. Vitamini B12 nayenso salowa bwino m'thupi chifukwa asidi wa m'mimba amachepa. Zikatere minofu imayamba kutha. Miyendo ikafooka munthu amagwa, akagwa fupa la m'chiuno limathyoka, ndipo akagonekedwa milungu ingapo minofu yotsalayo imatheratu. Ambiri akatuluka m'chipatala sadziyenderanso okha. Nkhani ya ndalama za boma imalowera pamenepa, chifukwa bedi la m'chipatala ndi lodula kwambiri kuposa mbale ya chakudya, ndipo kawirikawiri wolipira bedilo ndi boma lomwelo.

Mwambo woperekera okalamba chakudya pakhomo sunayambe ndi boma. Unayambira ku Britain pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene amayi a bungwe la Women's Voluntary Service ankaphikira anthu amene mabomba anawagumulira nyumba, kenako n'kuyamba kuperekera okalamba osatha kudziphikira. Dzina loti Meals on Wheels, kutanthauza chakudya choyenda pa mateyala, linachokera kumeneko. Ku Australia mayi Doris Taylor, amene iwo eni ankayendera njinga ya olumala, anayambitsa ntchitoyi ku Port Adelaide mu 1954, ndipo chaka chomwecho inayambanso ku Philadelphia m'dziko la America. Konseku ntchito inayamba ndi anthu ongodzipereka, boma linabwera pambuyo litaona kuti chifundo cha anthu chokha sichingafike pakhomo lililonse tsiku lililonse.

Ndifotokoza za America motalikirapo chifukwa kumeneko njira ya ndalama imaoneka bwino, ndi zokoma zake ndi zowawa zake. Mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasayinira lamulo loona za okalamba la Older Americans Act. Gawo la chakudya linawonjezedwa mu 1972, ndipo mu 1978 chakudya choperekera pakhomo chinapatsidwa thumba lakelake. Chaka chilichonse nyumba ya malamulo ku Washington imavomereza ndalama, ndalamazo zimagawidwa ku zigawo za dzikolo potengera kuchuluka kwa anthu a zaka 60 kupita m'mwamba, zigawo zimazipereka ku maofesi a m'madera oona za okalamba, omwe alipo oposa 600, ndipo maofesiwo amalemba mabungwe oti aziphika ndi kugawa. Chakudyacho ndi cha mitundu iwiri: chodyera pamodzi pa holo, pa tchalitchi kapena pa malo ochezera achikulire, ndi chokapereka kunyumba kwa amene sangathe kutuluka. Lamulo limati mbale iliyonse ikwanitse gawo limodzi mwa magawo atatu a zofunika m'thupi pa tsiku.

Chimene ndimachikonda pa lamuloli n'chakuti silifunsa kuti m'thumba muli zingati. Aliyense wa zaka 60 akhoza kudya, pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake ngakhale akhale wocheperapo zaka. Amapemphedwa kuponyako kangachepe mwakufuna kwake, koma sabwezedwa ngati alibe. Ena amadandaula kuti potero olemera akudya za osauka. Ine ndimaona mosiyana. Okalamba ndi anthu a ulemu wawo, ndipo ambiri amalolera kugona ndi njala kusiyana n'kukaima pamzere wa "osauka". Umboni uli m'dziko lomwelo: thandizo logulira chakudya la SNAP, limene limafuna mafomu ndi umboni wa zimene munthu amapeza, okalamba oyenera kulandira amene amalembetsadi amangokhala pafupifupi theka. Malo odyera amene mphunzitsi wopuma ntchito amakhala tebulo limodzi ndi munthu wopanda kalikonse sachititsa manyazi aliyense. Lamulo limauzabe maofesi kuti poitanira anthu aziyambira kwa osauka, a kumidzi ndi okhala okha.

Koma musaganize kuti boma lalikulu limalipira zonse. Ndalama zake pa ntchitoyi m'zaka zaposachedwapa zakhala zikungopitirira pang'ono madola biliyoni imodzi pa chaka, ndipo sizifika ndi theka lomwe la mtengo wonse. Zotsalazo zimachokera ku maboma a zigawo, makhonsolo, opereka mwachifundo, ndi zoponya za odyawo. Pamwamba pa izo pali thukuta la anthu ongodzipereka amene amayendetsa galimoto zawo kukagawa chakudya, thukuta limene m'bajeti simulipeza. Ndalama za bomazo si ufulu wotsimikizika ngati penshoni. Aphungu amazivomereza chaka ndi chaka, ndipo zikatha zatha, otsalawo amalembedwa pa mndandanda wa odikira. Mu 2013 boma litadula bajeti ya nthambi zambiri nthawi imodzi, mabungwe ena anachepetsa masiku ogawa, ena anatseka malo odyera. Mu 2020 mliri wa COVID-19 utabuka, ndalama zinakhuthuka: madola 250 miliyoni m'mwezi wa Malichi, ena pafupifupi 500 miliyoni patangopita masiku ochepa, ndi enanso 750 miliyoni mu 2021. Mabungwe analemba okalamba atsopano ambirimbiri oti azilandira chakudya. Ndalama zadzidzidzizo zitatha, anthuwo anali akadalipo, njala yawo ilinso pomwepo, ndipo mitengo ya chakudya ndi mafuta itakwera. Kwa ine phunziro lalikulu pa nkhani ya ndalama ndi limeneli: pulogalamu ya chakudya cha okalamba imafuna ndalama zodekha, zokwera limodzi ndi mitengo ndi chiwerengero cha anthu. Ndalama zobwera ngati madzi osefukira n'kuphwa zimasiya anthu pamavuto oposa poyamba, chifukwa ena amakhala atasiya njira zina zimene ankadalira.

Ku Britain, kumene zonsezi zinabadwira, kwachitika zina zomvetsa chisoni. Kumeneko chakudya cha okalamba chili m'manja mwa makhonsolo, ndipo lamulo silikakamiza khonsolo kukhala ndi ntchito imeneyi. Boma litayamba kuchepetsa ndalama za makhonsolo kuyambira 2010, ntchitoyi inali m'gulu la zoyamba kudulidwa. Kafukufuku wa bungwe la National Association of Care Catering anapeza kuti pofika 2016 makhonsolo opereka chakudyachi anali osakwana theka, ndipo pofika 2023 anali osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, ndipo chimapezeka m'mayiko ambiri. Wolipira chakudya ndi khonsolo kapena unduna wosamalira anthu, koma wopulumutsa ndalama munthu akapanda kugonekedwa ndi unduna wa zaumoyo. Wodzala ndi wina, wokolola ndi wina. Msungichuma wa khonsolo akadula chakudya mabuku ake amaoneka bwino, ndipo bilu imakatulukira ku chipatala patapita miyezi, pa tebulo la munthu wina.

Nanga pali umboni woti zimathandizadi? Ulipo, ngakhale ndikuchenjezeni kuti okonda ntchitoyi nthawi zina amaukometsera mopitirira. Mu 2013 Kali Thomas ndi Vincent Mor a pa yunivesite ya Brown anasonyeza kuti zigawo za America zimene zimaperekera anthu ambiri chakudya pakhomo zimakhala ndi anthu ochepa okhala m'nyumba zosungira okalamba pamene matenda awo ndi ochepa, anthu amene akanatha kukhala kwawo akanakhala ndi wowathandiza pang'ono chabe. Kenako mu 2015 mayi Thomas anatsogolera kafukufuku wina wa okalamba oposa 600 amene anali pa mndandanda wa odikira. Anawagawa patatu: ena ankalandira chakudya chotentha tsiku lililonse, ena chakudya choumitsidwa mufiriji cha sabata yonse kamodzi, ena anapitiriza kudikira. Olandira tsiku ndi tsiku ananena kuti kusungulumwa kwachepa, nkhawa yoti kodi apitiriza kukhala pakhomo pawo yachepa, ndipo mwa amene anali atagwapo kale, ogwanso anali ochepa. Kafukufukuyu anali wa milungu 15 yokha, zambiri zinachokera pa zonena za okalambawo, ndipo analipempha ndi bungwe la Meals on Wheels America lomwe. Komabe zimene anapeza zikugwirizana ndi zimene aliyense wogwira ntchitoyi amaona. Chakudya cha magulu awiri aja sichinkasiyana kwenikweni. Chosiyana chinali munthu wogogoda pachitseko. Wogawa chakudya ndi amene amayamba kuona kuti mbale ya dzulo sinakhudzidwe, kuti agogo lero akulankhula zosokonekera, kapena kuti sakuyankha chifukwa agwa m'bafa. N'chifukwa chake ku Japan makhonsolo ambiri amalipira chakudya choperekera pakhomo atachimanga pamodzi ndi udindo woona ngati munthuyo ali bwino. Ndikamva akuluakulu a bajeti akunyadira kuti atsitsa mtengo wa mbale potumiza katoni ya chakudya cha sabata yonse, ndimadziwa kuti adula mbali imene inali yamtengo wapatali.

Tsopano za ana. Funsoli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana, kuyambira ali m'mimba, ndi nthawi imene kuperewera kwa chakudya kumasiya chilema cha moyo wonse, choncho boma la ndalama zochepa likaika ana patsogolo silinalakwe. Koma kuganiza kuti chopita kwa agogo chalandidwa kwa mdzukulu n'kuiwala mmene mabanja ambiri padziko amakhalira. Ku South Africa, penshoni ya ukalamba ya anthu akuda itakwezedwa kufika pofanana ndi ya azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa zachuma Esther Duflo anafufuza ana okhala ndi olandira penshoniyo. Zotsatira zake, zosindikizidwa mu 2003, zinasonyeza kuti m'nyumba zimene wolandira anali agogo aakazi, adzukulu aakazi ankalemera ndi kutalika bwino. Pamene wolandira anali agogo aamuna kusinthako sikunaoneke. Ndalama ya agogo imathera mumphika wa banja lonse. Zimenezi ndi zabwino kwa ana, koma muonenso mbali inayo: agogowo amadya chomaliza, ndipo nthawi zambiri amasiyira ana chankhuli chimene thupi lawo limachifuna kwambiri.

Mayiko ambiri amene chuma chawo n'chochepa anasankha njira ya ndalama, ndipo ndikuona kuti anayambira poyenera. Mauritius inayamba penshoni ya wokalamba aliyense m'zaka za m'ma 1950. Botswana inayamba mu 1996 kwa a zaka 65, Lesotho mu 2004 kwa a zaka 70, Bolivia inakhazikitsa Renta Dignidad mu 2008 kwa a zaka 60, Zanzibar inayamba mu 2016 ndipo Kenya mu 2018, onse awiri kwa a zaka 70. Kumene okalamba ambiri sadya chifukwa cha umphawi weniweni, kumene midzi ili patalipatali ndipo misewu ndi yovuta, kutumiza ndalama n'kotsika mtengo kuposa kuyendetsa chakudya chotentha. Mtengo wa mbale yoperekera pakhomo si wa zophikira zokha: muli malipiro a ophika, mafuta, galimoto, firiji, ndi woyang'anira ukhondo. Ndalama zimasiyiranso munthu ufulu wosankha chimene akufuna kudya, ndipo zibowo za katangale zimachepa poyerekeza ndi makontirakiti ogulira matumba a chakudya, kumene wina amapereka zowola n'kulandira mtengo wa zabwino. Chofooka chake n'chakuti penshoni ikakhala chiimire pamene mitengo ikukwera, imasanduka dzina chabe.

Pali mayiko ena amene anadutsa pakati. Chile kuyambira 1999 imapereka kwa okalamba, makamaka a zaka 70 kupita m'mwamba, ufa wa supu ndi chakumwa cha mkaka zowonjezeredwa mavitamini ndi michere, ndipo amakatengera ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Nzeru yake ndi yoti wobwera kudzatenga chakudya amapimidwanso sikelo ndi kulandira katemera. India mu 2000 inayamba pulogalamu ya Annapurna, yopatsa okalamba osauka amene sakulandira penshoni makilogalamu 10 a tirigu kapena mpunga pa mwezi mwaulere. China m'zaka zaposachedwapa yakhala ikutsegula malo odyera okalamba m'madera okhala anthu, boma n'kumalipirako gawo la mtengo.

Mukandifunsa kuti ine ndaima pati, ndinena mosabisa. Ndalama ndiwo maziko, ndipo boma limene lilibe penshoni ya okalamba liyambe ndi imeneyo lisanaganize za galimoto zogawa chakudya. Koma pamwamba pa mazikowo payenera kukhala thumba lina, laling'ono koma losagwedezeka, la anthu amene ndalama sizingawadyetse: ofa ziwalo, oiwalaiwala, osaona, ongotuluka kumene m'chipatala, ndi okhala okhaokha ngati bambo anu. Amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi okalamba onse, koma ndi amene amadzaza mabedi a zipatala. Amene akuyendabe ndi bwino azikadyera pamodzi ndi anzawo, chifukwa n'kotsika mtengo, ndipo munthu akamadya ndi anzake amadya zambiri kuposa akakhala yekha. Ndipo ndikanakonda kuti gawo la ndalamazi lizichokera ku bajeti ya zaumoyo, popeza ndi imene imapindula. Nkhaniyi sikutha posachedwa: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu a zaka 60 kupita m'mwamba anali 1 biliyoni mu 2020, adzakhala 1.4 biliyoni mu 2030 ndi 2.1 biliyoni mu 2050, ndipo ambiri mwa iwo adzakhala m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene ana akunka nasamukira kutali ndi makolo kukafuna ntchito.

Mukadzamva kuti kwayamba pulogalamu yotere, musakhutire ndi chiwerengero cha mbale zimene agawa, chifukwa chimenecho n'chimene andale amakonda kulengeza. Funsani kuti pa mndandanda wa odikira pali anthu angati ndipo adikira nthawi yaitali bwanji, ngati pali chakudya chofewa cha ovutika kutafuna ndi kumeza, ngati odwala shuga ndi impso amawaganizira, ndi chimene wogawa amachita akagogoda popanda woyankha. Ndinayenderapo malo ena odyera amene mabuku awo anali oyera bwino, mbale zonse zowerengedwa, koma theka la chakudya linkabwerera kukhitchini chifukwa nyama inali yolimba ndipo odyawo analibe mano. Palibe amene anawafunsapo.

Tibwerere kwa bambo, chifukwa iwo sangadikire bajeti ya chaka chamawa. Choyamba apite kuchipatala. Munthu wachikulire akataya magawo 5 pa 100 a kulemera kwake m'miyezi 6 asakufuna, mwachitsanzo makilogalamu 3 kwa munthu wa makilogalamu 60, sitinena kuti ndi ukalamba basi. Kungakhale shuga, TB, khansa, vuto la chithokomiro, zilonda za m'kamwa, mankhwala amene akumwa, kapena matenda a maganizo obwera ndi chisoni, amene mwa abambo oferedwa amabisala kwambiri. Mutenge mankhwala awo onse adokotala akawaone, ndipo mupemphe kuti awapime ngati chakudya chikuperewera m'thupi. Pali mafunso afupiafupi otchedwa MNA opangidwira okalamba, amatenga mphindi zochepa. Mukafunsenso ku ofesi yosamalira anthu ya m'dera lawo ngati pali thandizo limene ali oyenera kulandira, chifukwa ambiri amaphonya poti sanalembetse.

Pa ndalama zimene mumatumiza, ndingakulangizeni kuti gawo lina lisamapite m'manja mwawo koma kwa munthu wodalirika wapafupi, wachibale kapena woyandikana naye, woti aziwaphikira kamodzi pa tsiku ndi kukhala nawo pansi mpaka amalize kudya. Kukhala nawoko musakuone ngati kowonjezera, ndi gawo la ntchitoyo. Chakudya chikhale chochepa koma pafupipafupi, chofewa, ndipo nthawi iliyonse pakhale chomanga thupi monga mazira, mkaka, nsomba, nyemba kapena nyama yofewetsedwa bwino, pokhapokha ngati adokotala apeza vuto la impso n'kukuuzani mlingo wina. Madzi aziwapatsa osadikira kuti apemphe. Muwaletse zakudya zochepa zokha zimene adokotala aletsa, chifukwa pa msinkhu umenewu kuwonda n'koopsa kuposa supuni ya shuga mu tiyi. Ndipo mugule sikelo, aziwapima tsiku limodzi lomwelo mwezi uliwonse, m'mawa, n'kulemba m'kabuku. Ulendo wotsatira mukakafika, musangofunsa kuti "Mwadya, bambo?" chifukwa adzati adya. Mutsegule mapoto muone, kenako mukhale pansi mudye nawo.